Kodi mumadziwa? Kuchepetsa thupi kwawo kwa mtedza

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi, 21 anali onenepa mopitirira muyezo. Tiyi wochepetsa thupi amene ena amathamangira nthawi zambiri amangotsegula m'mimba: chimene chimachoka ndi madzi, mafuta n'kutsala. Odzimana chakudya mwankhanza nawonso, ambiri thupi limabwereranso.

Kwa Mavwere ku Mchinji, kwawo kwa mtedza, thandizo la ofuna kuchepetsa thupi lili m'munda momwemo. Nsima ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba kuposa ya ufa woyera chifukwa gaga sadachotsedwe, ndipo nkhwani wotendera ndi ndiwo yabwino zedi. Chenjerani ndi mtedza wokazinga wongobubuda pocheza: pafupifupi theka la njere iliyonse ndi mafuta, choncho wodzaza chikhatho chimodzi wakwana.