Mbozi pa Burokoli: Mankhwala Oyamba Ndi Maso Athu

Kuseri kwa nyumba zambiri za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo kuli kadimba. Kuzizira kwa mwezi wa June ndi July, pamodzi ndi chiperoni, kumayanja kabichi, repu ndi tchainizi, ndipo ena mwa ife tayamba kubzalako burokoli, ndiwo ya m'banja lomwelo yokhala ndi vitamini C wochuluka. Koma dzuwa la September likayamba kuwomba, timadzuka n'kupeza masamba atabooka ngati sefa.

Wolakwa wamkulu ndi kambozi kobiriwira, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, mwana wa kagulugufe kotuwa kotchedwa diamondback moth. Kamadya kunsi kwa tsamba n'kusiya kakhungu kowonekera. Tikakagusa kamaphiriphitha n'kugwa, kali lende pa kaulusi. Nyengo yotentha, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe woikiranso mazira pamangotenga masabata awiri kapena atatu. Mdani wachiwiri ndi nsabwe zotuwa ngati phulusa, zomwe zimaunjikana pa nsonga n'kumayamwa madzi a mbewu.

Tikaweruka titatopa, chapafupi n'kugula kabotolo kopanda chizindikiro pamsika, kapena kupempha mankhwala otsala popopera mbewu zina. Apa mpomwe pali ngozi. Mutu wa burokoli uli ndi timipata tambirimbiri tomwe timasunga zomwe tapoperazo, ndipo mutu womwewo ndi umene ana athu akadye. Komanso kamboziko sikachedwa kuzolowera mankhwala: kale mu 1953, pa chilumba cha Java ku Indonesia, kanali katasiya kufa ndi DDT. Mankhwala amphamvu amaphanso akangaude ndi timavu ting'onoting'ono tomwe timatithandiza kudya mbozi.

Chida choyamba tsono ndi maso athu. Kawiri pa sabata titembenuze masamba, titole mbozi ndi kutikita nsabwe ndi zala. Pa mitengo 20 kapena 30 ntchitoyi sitenga nthawi, ndipo ana akhoza kuthandiza. Pothirira, madzi tiziwaza pamasamba pomwe, chifukwa amagwetsa tizilombo monga imachitira mvula.

Zikachuluka, thandizo lili m'mbali mwa misewu yathu. Deliya, chitsamba cha maluwa achikasu chija, komanso ombwe, womwe ena amati mthuthu, zimagwira ntchito. Tiyanike masamba pamthunzi, tisinje, kenako tiviike kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi usiku wonse, titathiramo supuni imodzi ya sopo. Mawa lake tisefe ndi kansalu, n'kupopera madzulo dzuwa litapepa, makamaka kunsi kwa masamba. Tibwereze sabata iliyonse, popeza mphamvu yake imatha msanga ndi dzuwa.

Ngakhale ndi zachilengedwe, zifunika kusamala. Ombwe amapha nsomba, choncho ndowa tisakatsukire kumtsinje kapena kudamu. Tisambe m'manja tikamaliza, ndipo padutse masiku angapo tisanakolole. Ofufuza anapezanso kuti ombwe wa m'Malawi uli mitundu iwiri yofanana maonekedwe, koma wina alibe mphamvu yopha tizilombo. Ngati wathu sakugwira, tikatenge mbewu kwa mnzathu amene wake akugwira.

Zonsezi zikakanika, tifunse alangizi a zaulimi. Tigule mankhwala okhawo ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, okhala m'botolo lake lenileni, ndipo titsatire masiku odikira omwe alembedwapo. Tiwasunge kutali ndi ana, ndipo tisawathire m'botolo la chakumwa.

Tikakolola komaliza, tizule zitsa zonse, chifukwa m'menemo ndi momwe tizilombo timadikirira mbewu yatsopano. Pamalopo tibzalepo nyemba, anyezi kapena karoti. Kubwezapo kabichi kapena repu n'chimodzimodzi kubzalanso burokoli, pakuti mbozi yake ndi imodzi.

Kukhitchini, tiduledule mutuwo n'kuuviika m'madzi amchere kwa mphindi 15. Mbozi zobisala zimayandama zokha. Titsukenso ndi madzi oyera, tiphike pang'ono chabe kuti ukhalebe wobiriwira. Tsamba la mabowo awiri atatu lisatidetse nkhawa, limadyeka bwinobwino. Choti tiope ndi ndiwo yosalala yomwe yapoperedwa dzulo.