Bungwe la maloya lili ndi khomo limene munthu wa ku Matandani angagogodepo

Dzina la Malawi Law Society timalimva pa wailesi kukabuka mkangano waukulu: boma likasemphana ndi makhothi, aphungu akafuna kusintha lamulo, kapena chisankho chikavuta. Nkhaniyo ikazizira, dzinalo limazimiranso. N'chifukwa chake anthu ambiri ku Matandani ndi m'midzi ina ya boma la Neno amaliyesa bungwe la ndale, ena amati ndi kalabu ya anthu a masuti a mu Blantyre. Chimene sichidziwika n'chakuti mlimi wa manachesi, loya akamudyera ndalama, angathe kukamunenera ku bungwe lomweli, ndipo loyayo angathe kuluza ntchito.

Bungweli silili ngati mabungwe omwe si aboma amene amabwera ndi pulojekiti n'kupita. Linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1965, dziko litangolandira ufulu wodzilamulira, ndipo lero likuyendera lamulo latsopano la 2018 lotchedwa Legal Education and Legal Practitioners Act. Digiri ya zamalamulo payokha simupanga munthu kukhala woyimira anthu pa milandu. Ayenera kulandiridwa ndi Jaji Wamkulu, dzina lake lilowe m'kaundula wa maloya, akhale membala wa bungweli, ndiponso akhale ndi chiphaso chogwirira ntchito chimene chimatha chaka ndi chaka. Kuti chiphasocho chituluke, loya amayenera kulipira ya umembala, kusonkha ku thumba lobwezera anthu amene aberedwa ndi maloya, kuchita maphunziro owonjezera, komanso kugwirako ntchito yaulere yothandiza osauka, imene iwo amaitcha pro bono. Bungweli limafalitsa mndandanda wa maloya a ziphaso. Amene dzina lake mulibe alibe chilolezo chokuyimirani m'khothi, ngakhale atavala tayi yokongola bwanji.

Atsogoleri ake sasankhidwa ndi boma. Maloya okhaokha amakumana pa msonkhano wawo waukulu wa pachaka, umene kawirikawiri umachitikira kunyanja ku Mangochi, ndipo nthawi ya chisankho ikakwana amavotera pulezidenti, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mamembala ena a komiti. Ntchito ya tsiku ndi tsiku imayendetsedwa ndi ofesi ya bungweli mu Blantyre. Apa pali mphamvu, paliponso msampha. Mphamvu yake n'njakuti pulezidenti wa maloya angathe kudzudzula mtsogoleri wa dziko popanda kuopa kuchotsedwa ntchito mawa lake. Msampha n'ngwakuti amene anamuvotera ndi omwewo amene ayenera kuwalanga akalakwa.

Pa nkhani zikuluzikulu za dziko, mbiri ya bungweli ndi yoti sitingaipeputse. Mu 1992 linali m'gulu la mabungwe amene, pamodzi ndi mipingo ndi Asilamu, anapanga Public Affairs Committee, imene inakankha boma la Dr. Kamuzu Banda mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019, umene khothi linagamula pa 3 Febuluwale 2020, bungweli linalowamo ngati bwenzi la khothi. Mu Juni chaka chomwecho, patatsala masiku ochepa kuti chisankho chibwerezedwe, boma la Peter Mutharika linalengeza kuti Jaji Wamkulu Andrew Nyirenda apite kutchuthi chodikirira kupuma pantchito. Maloya anavala mikanjo yawo yakuda n'kuyenda m'misewu ya m'mizinda, bungwe lawo linali m'gulu la amene anakamang'ala, ndipo Bwalo Lalikulu linaletsa zimenezo. Nthawi imeneyo pulezidenti wa bungweli anali Burton Mhango.

Amene anamulowa m'malo, Patrick Mpaka, anasankhidwa mu 2021, anasankhidwanso mu 2023, ndipo anasiyira Davis Njobvu mu 2025. Zaka zake zinayi n'zabwino kuphunzirirapo, chifukwa zikuonetsa zimene mpandowu ungathe ndi zimene sungathe.

Kumayambiriro kwa 2023 boma litaimitsa pantchito mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, Martha Chizuma, ndi bungwe la maloya limene linathamangira kukhothi n'kukatenga chiletso. Koma ntchito imene Mpaka adzakumbukiridwe nayo kwambiri ndi yovuta kuposa imeneyo, chifukwa inali yoloza chala m'nyumba momwemo. Kwa zaka zambiri anthu ankadandaula kuti zigamulo zimachedwa, mafayilo amasowa, ndipo jaji akalakwa palibe njira yomveka yomudandaulira. Malamulo oyendetsera dziko anaika Judicial Service Commission kuti iziyang'anira oweruza milandu, koma panalibe lamulo lofotokoza mwatsatanetsatane kagwiridwe kake ka ntchito. Bungwe la maloya linalimbikira nkhaniyi m'makalata ndi m'misonkhano ya atolankhani, osatopa. Kenaka mu Okutobala 2024 loya Alexious Kamangila anayamba kulemba pa Facebook zoti m'makhothi muli ziphuphu, dziko lonse linatekeseka, ndipo zimene zinakhala zikuzengereza zinayenda mwachangu. Mu Disembala 2024 aphungu anavomereza mabilu okonzanso kayendetsedwe ka makhothi, kuphatikizapo Judicial Service Administration Bill, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anawasayinira mu Januwale 2025.

Taonani mmene zinayendera. Pulezidenti wa maloya sapanga lamulo, salamula apolisi, sachotsa jaji. Zida zake ndi kalata, cholembera, pakamwa ndi khomo la khothi. Akafuna kusintha chinthu amayenera kunyengerera unduna wa zamalamulo kuti ulembe bilu, aphungu kuti aivomereze, ndipo nthawi zina amadikira mpaka mkwiyo wa anthu umuthandize kukankha. Ine ndimaona kuti kulimba mtima kwenikweni pa nkhaniyi kunali kudzudzula majaji amene iyeyo ndi anzake amakaima pamaso pawo m'mawa uliwonse.

Koma pali tsamba lina la mbiri yomweyi limene munthu wa ku Neno ali ndi chifukwa chomveka cholidandaulira. Mu 2021 bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, la Legal Aid Bureau, linapempha kuti lamulo lisinthidwe kuti athandizi ake ophunzira zamalamulo, amene si maloya, aziloledwa kuyimira anthu pa milandu ing'onoing'ono m'mabwalo a majisitireti. Bungwe la maloya linakana, ponena kuti wosauka nayenso ayenera kuyimiridwa ndi munthu wophunzira mokwanira. Mfundoyo si yopusa. Komabe maloya ambiri ali mu Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo aliyense amene anayendapo msewu wa ku Neno m'nyengo ya dzinja akudziwa kuti loya sangaunyamukire chifukwa cha mlandu wa mbuzi. Mnyamata wa ku Matandani akaima pamaso pa majisitireti ku boma, kawirikawiri sasankha pakati pa loya ndi mthandizi. Amaima yekha. Pamenepa bungweli linayankhula ngati mwini ntchito woteteza msika wake, ndipo ntchito yaulere ija, ngakhale ili m'lamulo, sinafike pokwirira dzenjelo.

Tsopano tibwere pa khomo limene likukukhudzani inuyo.

Tiyerekeze kuti bambo wina wavulala pa ngozi ya minibasi pa Zalewa. Ali chigonere m'chipatala, pakubwera dobadoba ndi mapepala, akuti, “Bambo, sayinani apa, abwana akuthandizani kupeza chipepeso.” Bamboyo akudinda chala. Pakupita chaka, kenaka chachiwiri. Mkazi wake akagulitsa mbatatesi n'kupeza thiransipoti yopitira ku Blantyre, pa ofesi akumuuza kuti, “Mayi, abwana ali kukhothi, mubwere mwezi wamawa.” Chonsecho kampani ya inshuwalansi inalipira kalekale. Nkhani zoterezi, za ndalama za chipepeso zothera m'manja mwa loya, zili m'gulu la madandaulo amene amamveka kwambiri.

Lamulo likuti ndalama za kasitomala si za loya. Ziyenera kusungidwa mu akaunti yakeyake, yosiyana ndi ya ofesi, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wouzidwa kuti zinabwera zingati, loya wadulapo zingati, pa chifukwa chanji. Zikapanda kutero, mayi uja alembe kalata yodandaula ku Malawi Law Society. M'kalatamo atchule dzina la loya ndi la ofesi yake, nkhani imene anamupatsa, tsiku limene anayamba, ndalama zimene analipira kapena zimene akuyembekezera, ndi nambala ya mlandu ngati unafika kukhothi. Aphatikizepo mafotokope a malisiti ndi makalata, enieniwo asunge kunyumba. Ngati kulemba kumamuvuta, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo angamulembere, iye n'kusayina.

Dandaulo limapita ku komiti yosungitsa mwambo. Wina angafunse kuti, nyani angaweruze bwanji mlandu wa chimanga? Funsolo n'lomveka, ndipo olemba lamulo analiona: m'komitimo mumakhalanso Solicitor General, amene ndi mlembi wamkulu mu unduna wa zamalamulo, osati osankhidwa ndi maloya okha. Komitiyi imaitana loyayo kuti ayankhe, imamva mbali zonse ziwiri, ndipo ikamupeza wolakwa ingathe kumuchenjeza, kumulipiritsa chindapusa, kumulamula kubweza ndalama, kumuimitsa ntchito, kapena kutumiza nkhaniyo kwa Jaji Wamkulu kuti dzina lake lifufutidwe m'kaundula. Sizithamanga ayi, ndipo ambiri amagwa ulesi panjira. Kalata ikapita, muzifunsa pamene nkhani yafika, ndipo polemba ikani nambala ya foni imene imagwiradi.

Komitiyi si khothi la apilo. Ngati mwaluza mlandu loya atagwira ntchito yake moona mtima, njira yanu ndi yokachita apilo ku bwalo lapamwamba. Ngati wolakwa ndi jaji kapena majisitireti, dandaulo lipite ku Judicial Service Commission. Wina akakupemphani chiphuphu, kanenezeni ku ACB. Ndipo kuba ndi kuba: kudandaula ku bungwe la maloya sikukuletsani kukanena kupolisi. Amene alibe ndalama yolipira loya afunse za Legal Aid Bureau, imene lamulo linaikhazikitsira anthu oterowo.

Inu ndi ine sitivota nawo ku Mangochi. Koma lamulo limene linapanga bungweli limalipatsa ntchito yoteteza ndi kuthandiza anthu wamba pa nkhani zamalamulo, osati mamembala ake okha, choncho tili ndi ufulu wofunsa mtsogoleri wake aliyense kuti madandaulo angati atha m'nthawi yake, maloya angati abweza ndalama za eni, ndi milandu ingati yaulere imene yafika m'maboma ngati Neno. Musanasayine pepala lililonse kwa loya, funsani ngati ali ndi chiphaso cha chaka chino, mvanani za malipiro polemba, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka muilandirire lisiti.