CIFUWA CA USIKU: KODI CICOKERA KUTI?

M'miyezi yozizira ya June ndi July, m'makomboni a ku Kitwe, Mufulira ndi Luanshya mumamveka anthu alikutsokomola usiku wonse. Ambiri a iwo usana agwira nchito bwino-bwino, koma pongoika mutu pa mtsamiro cifuwa ciyamba. Ena aganiza kuti awalodza, koma adotolo adziwa gwero lace la bvuto limeneli.

Mphuno ya munthu, pamodzi ndi timapanga ta m'mafupa a nkhope, ipanga mamina okwana pafupi-fupi lita imodzi tsiku liri lonse. Nchito ya mamina ndiyo kugwira pfumbi ndi tizirombo kuti zisafike m'mapapo. Usana munthu awameza osadziwa konse. Koma akagwidwa cimfine, kapena akapuma pfumbi ndi utsi wa mbaula, mamina acuruka nalimba. Tsono iye akagona cagada, mamina aja atsikira kumbuyo kwa mphuno nadikha pa mmero. Mmero uyamba kuyabwa, ndipo thupi liyesa kuwacotsa ndi kutsokomola.

Wodwala wotere apeza mpumulo akakweza mutu ndi mitsamiro iwiri, akamwa madzi ofunda, ndiponso akatsuka mphuno ndi madzi owiritsa a mcere pang'ono atazizira. Supuni imodzi ya uci ifewetsa mmero, koma uci sapatsa khanda losakwana caka. Fodya ayenera kumleka. Mbaula iturutsidwe panja anthu asanagone, pakuti mpweya wa makala m'nyumba yotseka ukhoza kupha banja lonse liri m'tulo.

Komatu si cifuwa conse ca usiku cicokera m'mphuno. Wa mphumu atsokomola makamaka m'banda kuca, ndipo m'cifuwa mwace mulira ngati mluzu. Wina akakhuta nsima nagona pomwepo, madzi owawasa a m'mimba akwera ku mmero. Iyeyu adye msanga, papite maora atatu asanagone. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga enalapril, abweretsa cifuwa couma. Wowamwa asawaleke yekha, koma akauze adotolo. Nkhalamba imene ibanika pogona, mapazi ali otupa, iyenera kukapimitsa mtima.

Coopsya koposa ndico cifuwa cacikuru, ndiye TB, cimene kacirombo kace anakapeza Robert Koch m'caka ca 1882. Zizindikilo zace ndi izi: kutsokomola kopitirira masabata awiri, thukuta la usiku, kuonda, ndi magazi m'makhololo. Amuna a pansi pa mgodi acenjere koposa anzao, pakuti pfumbi la miyala lisiya zipsyera m'mapapo, ndipo mapapo otere agwidwa TB msanga. Ndico cifukwa cace anchito a m'migodi apimidwa mapapo kawiri-kawiri.

Mwamuna wina abisa cifuwa cace poopa kutaya nchito. Kutero ndiko kudzipha yekha, ndi kupatsiranso nthenda mkazi ndi ana amene agona naye m'cipinda cimodzi. TB icizika ndithu ngati wodwala amwa mankhwala tsiku ndi tsiku mpaka kumariza, kawiri-kawiri miyezi 6, ndipo m'zipatala za Boma mankhwalawo ali aulele.

Cifuwa ca cimfine ciyamba kucepa cokha patapita masiku owerengeka. Koma cikafika masabata awiri osaleka, mwini wace asacedwenso ndi mankhwala a m'sitolo. Apite ku cipatala kuti akampime makhololo.