Magemu Si Mdani, Koma Ena Safuna Kutha

Pamsika uliwonse wa m'matauni athu simulephera kupeza amuna awiri atawerama pa bawo, oonerera atawazungulira ngati pali mlandu. Mmodzi amatapa nkhomo m'dzenje n'kumaziponya imodziimodzi, milomo ikuwerenga chamumtima, mnzake maso ali kumene dzanja likathere. Dzuwa limatha kupendeka iwo ali pomwepo, ndipo wodutsa amangopereka moni n'kumapita. Tsono yendani pang'ono kuseri kwa magolosale, kumene kuli kachipinda ka malata kokhala ndi TV imodzi ndi PlayStation. Anyamata awiri akhala pa benchi, wina watenga Real Madrid wina Manchester City, zala zikuvina pa mabatani, anzawo asanu ali kumbuyo kudikira kuti wogonja anyamuke. Wodutsa yemwe uja akasuzumira amapukusa mutu, amvekere ana a masiku ano atha basi.

Chiweruzo chimenechi chafulumira. Ine ndikuona kuti kusewera magemu, kaya a pa TV, pakompyuta kapena pafoni, ndi njira yoyenera yopumulira, yosasiyana ndi bawo, drafuti kapena kumvera mpira pa wailesi. Malire alipo ndithu, koma sali pa kuchuluka kwa maola monga ambiri amaganizira. Pali magemu amene amatha, n'kumumasula munthu kuti akachite zina, ndipo pali ena amene anapangidwa dala kuti asathe, chifukwa eni ake amadyera pa kubwerabwera kwa wosewera. Wofuna kudziwa ngati gemu ili yabwino kwa iye kapena kwa mwana wake ayambe wafufuza kuti ili mbali iti.

Mawu amene amatuluka msanga pakamwa pa makolo ndi akuti, akupindulanji? Funsoli lili ndi msampha. Nthawi yopuma si munda woti tiziyembekezerako zokolola. Bambo amene wakhala maminitsi 90 khutu lili pa wailesi, Bullets ikulimbana ndi Wanderers, sanyamuka ndi thumba la chimanga, komabe palibe amamufunsa lisiti. Wapuma, waseka, wakwiya pang'ono, wapeza nkhani yokacheza ndi anzake mawa. Ngati zimenezi timazilola kwa woonerera, bwanji tizimukaniza amene akusewera yekha? Ndipotu wosewera gemu ali ndi chimene woonera filimu alibe: chilichonse chochitika pa sikirini chikudikira chisankho chake. Akapereka mpira molakwika, wagonja ndi iyeyo, ndipo akayambiranso amasintha njira. Mu Minecraft, gemu ya ku Sweden imene inatuluka yathunthu mu 2011 ndipo yagulidwa makope oposa 300 miliyoni, mulibe ngakhale nkhani yoti uzingoitsatira. Mwana amapatsidwa dziko la miyala, mitengo ndi madzi, n'kumanga zimene mutu wake wamuuza, monga momwe ana akale ankaumbira ng'ombe zadothi kudambo ndi kupinda magalimoto amawaya.

Apa ndiyenera kuwabweza pang'ono okonda magemu, chifukwa nawonso amakokomeza. N'zoona kuti mu 2003 Shawn Green ndi Daphne Bavelier, a pa yunivesite ya Rochester ku America, anasonyeza m'magazini ya sayansi ya Nature kuti magemu othamanga, amene zinthu zimatulukira mbali zonse, amanola maso kuti aziona zinthu zingapo nthawi imodzi. N'zoonanso kuti mu 2011 osewera gemu yotchedwa Foldit anathandiza kupeza kapangidwe ka puloteni ina ya kachirombo kofanana ndi ka HIV kopezeka mwa anyani, chinthu chimene chinasautsa asayansi kwa zaka zoposa 10. Koma kuchoka pamenepo n'kunena kuti magemu amapatsa nzeru ndi kulumpha mtsinje waukulu. Kampani ya Lumosity, imene inkatsatsa timagemu take ngati mankhwala olimbitsa ubongo, inalipitsidwa madola 2 miliyoni mu 2016 ndi bungwe loteteza ogula ku America la FTC chifukwa inalibe umboni wokwanira. Nthawi zambiri munthu akasewera gemu amakhala katswiri wa gemu yomweyo. Mwana amene akuti gemu ya mpira ya FIFA imuthandiza kukhoza masamu a MSCE akunamiza makolo ake, ndipo iye mwini akudziwa.

Nanga maola? Kwa zaka zambiri ofufuza ankangofunsa anthu kuti amasewera nthawi yaitali bwanji, koma munthu sakumbukira bwino zimenezi, monga momwe womwa mowa sawerengera bwino mabotolo. Gulu la Andrew Przybylski pa yunivesite ya Oxford linachita mosiyana: linatenga ziwerengero zenizeni za nthawi yosewera kuchokera ku makampani opanga magemuwo. Mu 2022 linatulutsa zotsatira za anthu pafupifupi 39,000, osewera magemu 7, amene anawatsatira kwa milungu 6. Zimene anapeza sizinakondweretse mbali iliyonse ya mkanganowu. Kuchuluka kwa nthawi yosewera sikunaoneke kuti kukuwonjezera kapena kuchepetsa kwenikweni mtendere wa mumtima wa anthuwo. Chimene chinaoneka kuti chili ndi mphamvu ndi chifukwa chosewerera. Amene ankasewera chifukwa akufuna ankamva bwino, pamene amene ankasewera chifukwa chinachake chikuwakakamiza m'kati ankamva moipa. Kafukufukuyu anali wa akuluakulu, ndipo milungu 6 si moyo wonse, koma akutilozera malo oyenera kuyang'ana. Maola awiri a munthu amene wasankha kusewera ndi osiyana ndi maola awiri a munthu amene akulephera kuika foni pansi.

Za chiwawa sindikhalitsapo, ngakhale ndi zimene zimatchulidwa kwambiri. Mu 2011 khoti lalikulu la ku America, pokana lamulo la chigawo cha California loletsa kugulitsa magemu achiwawa kwa ana, linati umboni woti magemuwo amachititsa ana kukhala achiwawa ndi wosakwanira. Mu 2020 bungwe la akatswiri a za maganizo m'dzikomo, APA, linanenanso kuti palibe umboni wokwanira wogwirizanitsa magemu ndi upandu wachiwawa, ngakhale linavomereza kuti amatha kuwonjezera pang'ono timakhalidwe monga kukalipa ndi kukankhana. Izi sizikutanthauza kuti mwana wa zaka 8 apatsidwe Grand Theft Auto. Pachikuto pake palembedwa 18, ndipo nambalayo sanaiike ngati chokongoletsa.

Dandaulo lolemera ndi la kumwerekera, ndipo ili sitingalikankhire kumbali. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuika vuto lomwerekera ndi magemu pa mndandanda wake wa matenda, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma tamverani mmene linalifotokozera. Silinatchule maola. Linati munthu amakhala akulephera kudziletsa, magemu atalanda malo a zinthu zina zofunika, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti sukulu, ntchito kapena banja zikuwonongeka, kawirikawiri kwa miyezi yosachepera 12. Bungwelo linanenanso kuti vutoli limagwira gawo lochepa la osewera. Maboma amene anayesa kuthana nalo ndi wotchi anakumana ndi zovuta. South Korea inakhazikitsa lamulo mu 2011 loletsa ana osakwana zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Ana ankangolowa ndi ziphaso za makolo awo, ndipo mu 2021 boma linalengeza kuti likuchotsa lamulolo. China inalimbitsa chingwe chaka chomwecho, kulola ana ola limodzi lokha, kuyambira 8 mpaka 9 koloko madzulo, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Kumenekonso kunamveka nkhani za ana olowa ndi mayina a agogo awo.

Kuti timvetse kumene kukakamizika kuja kumachokera, tiyang'ane mmene magemu amabweretsera ndalama. Kale kampani inkagulitsa gemu kamodzi, pa kaseti kapena pa CD, ndipo phindu lake linkathera pomwepo. Kaya wogula asewera mlungu umodzi kaya chaka, zinalibe kanthu kwa iyo. Magemu ambiri a pafoni masiku ano ndi aulere potsitsa, ndipo apa m'pamene pali chikomekome cha mkuyu. Mwini gemu yaulere amapeza ndalama wosewera akamaonera zotsatsa malonda ndiponso akamagula tinthu ta m'katimo, choncho tsiku limene wosewera wakhutira n'kusiya ndi tsiku limene iye waluza. Taonani mmene gemu yotere imamugwirira munthu. Tsiku loyamba imamupatsa mphatso, n'kumuuza kuti mawa adzalandira yokulirapo, koma akadumphitsa tsiku ayambiranso pa ziro. Akangofika pokoma, miyoyo imatha, ndipo pa sikirini pamabwera kawotchi kowerenga chobwerera m'mbuyo: dikira maminitsi 30, kapena lipira pang'ono upitirize pompano. Usiku foni imalira pansi pa pilo kumuuza kuti mudzi wake waukiridwa. Palibe mluzu womaliza, palibe poti wapambana wapambana tikagone. Munthu wotere akatsegula foni m'mamawa asanasukusule, si chisangalalo chamudzutsa, koma mantha oti ataya zimene wasonkhanitsa.

Choopsa kwambiri ndi timabokosi ta mwayi. Wosewera amalipira ndalama zenizeni kugula bokosi osadziwa za m'kati mwake, mwina mutuluka katswiri wa mpira amene akumufuna, mwina mutuluka zinyalala. Mu 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti zimenezi ndi kutchova juga, ndipo imodzi mwa magemu amene linawatchula inali FIFA 18. Kumayambiriro kwa 2019 kampani ya EA, eni ake a gemuyo, inasiya kugulitsa m'dzikomo mapointi ogulira mabokosiwo. Onani kuti ndi gemu yomwe ija ya anyamata a pa benchi. Mbali ina ya gemuyo ndi mpira wa maminitsi ochepa umene umatha wina n'kunyamuka, mbali ina ndi msika wosatseka. Mu December 2022 kampani ya Epic Games, eni ake a Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni ku America, ndipo 245 miliyoni mwa ndalamazo zinali zobwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu mosafuna chifukwa cha mabatani oikidwa mosokoneza. Kwathu kuno msuweni wa mabokosi amenewa ndi kandege ka m'mafoni, kamene kamakwera nambala ikukula mpaka kuthawa ndi ndalama za amene wachedwa kudina. Ambiri amakatcha gemu, koma mulibemo luso loti munthu n'kulinola. Ndi juga yovala malaya a gemu, ndipo kuiphatikiza ndi Minecraft kapena mpira wa pa PlayStation n'kumene kukusokoneza nkhani yonseyi m'makomo.

Wina anganene kuti zonsezi n'zoyenera mayiko olemera, kumene mwana ali ndi chipinda chake ndi intaneti yosatha, osati kuno kumene bandulo imadya ndalama ya ndiwo. Mfundoyi ili ndi mano. Gemu imene imafuna intaneti nthawi zonse ndi yodula kwa banja lopeza movutikira, ndipo mnyamata amene watumidwa kuchigayo n'kukathera chenje m'kachipinda ka malata kaja walakwa, osati pang'ono. N'zoonanso kuti m'makomo ambiri amene amapeza mpata wa magemu ndi mnyamata, mlongo wake ali pa mbale ndi pa mtsuko. Koma chofunika kukonza pamenepo ndi kagawidwe ka ntchito, chifukwa ngakhale PlayStation itasowa mnyamatayo akanakhala ali kubwalo la mpira mlongo wake akutsukabe. Chimene gemu iyenera kuyezedwa nacho ndi zimene yalanda malo. Ikalowa m'malo mwa filimu yachitatu ya tsikulo kapena kungoyendayenda pa TikTok, palibe chatayika. Ikalowa m'malo mwa tulo, homuweki kapena kuthamanga panja, pamene WHO imalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi tsiku lililonse, ndiye kuti yadya zosayenera. Umphawi wathu, modabwitsa, umatiteteza pena: kachipinda kolipira pa gemu iliyonse kali ndi malire achibadwa, chifukwa ndalama ikatha kapena magetsi akazima, onse amatuluka. Foni ya m'thumba ndi imene ilibe chitseko.

Choncho kwa kholo limene lafika pofuna kulanda foni kapena kuzula waya, ndinganene izi. Musanatero, khalani pansi pambali pa mwanayo madzulo amodzi, mumuuze akuonetseni gemu yake. Funsani kuti imatha liti, akusewera ndi ndani, ndipo chimachitika n'chiyani akapanda kuitsegula mawa. Yang'anani ngati muli malo ogulira zinthu ndi ndalama zenizeni, makamaka zogula mosaona. Ngati ndi mpira, mpikisano wa magalimoto kapena kumanga nyumba za miyala, ndipo homuweki yatha, pemphani kontirola yachiwiri muyese nanu. Mugonja, koma mumvetsa chimene amasekera. Ngati yankho lake ndi lakuti akapanda kulowa mawa ataya zonse, gemu imeneyo ichotsedwe m'foni, ndipo mum'thandize kupeza ina yokhala ndi mluzu womaliza.