Singano zopanda mankhwala

Ana inu, ndani mwa inu sagunda mtima akaona anamwino akutsegula jakisoni? Ena amayamba kulira asanabayidwe n'komwe. Tsono taganizani za bambo wamkulu amene wapita yekha kuchipatala, wagona chafufumimba pabedi, ndipo dokotala wamubaya singano khumi kumsana n'kuzisiya momwemo kwa mphindi 20. Bamboyo ali phee, mwina mpaka kuwodzera. Izi zimachitika tsiku ndi tsiku m'zipatala za ku China, ndipo njirayi imatchedwa acupuncture.

Singano zake n'zosiyana ndi za jakisoni. Ya jakisoni ili ndi bowo mkati modutsa mankhwala, n'chifukwa chake ndi yonenepa ndipo imapweteka. Ya acupuncture ilibe bowo, ilibenso mankhwala. Ndi kachitsulo kosachita dzimbiri, kowonda kwambiri moti mukakakhudza ndi chala kamagwedera ngati udzu. Dokotala amapukuta khungu ndi thonje, amaimika kachubu kapulasitiki momwe muli singanoyo, n'kugogoda kamodzi kokha ndi chala. Basi, yalowa. Kenako amaipotokola pang'onopang'ono, ndipo odwala ambiri amati pamalopo pamamveka dzanzi kapena kulemera.

Nanga singano yopanda mankhwala ingathandize bwanji? Asing'anga akale a ku China ankakhulupirira kuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, yomwe imadutsa m'tinjira take monga madzi amayendera m'ngalande za kudimba. Ngalande ikatsekeka, mbewu za kumunsi zimafota. Qi ikatsekeka, munthu amadwala, ndipo singano ndiyo imatsegula. Maganizo amenewa analembedwa m'buku lotchedwa Huangdi Neijing zaka zoposa 2,000 zapitazo. Malo obaya odziwika bwino alipo 361, ndipo aliwonse ali ndi dzina lake.

Kuloweza malo 361 si masewera. M'chaka cha 1027, dokotala wa kunyumba ya mfumu dzina lake Wang Weiyi anapangitsa ziboliboli ziwiri zamkuwa, zazitali ngati munthu, zokhala ndi timabowo pamalo onse obaya. Mbiri imati pa tsiku la mayeso ankamata chibolibolicho ndi phula kuti timabowoto tisaoneke, n'kuthiramo madzi mkati. Wophunzira ankauzidwa dzina la malo, iye n'kubaya. Akalasa penipeni, kadontho kankatuluka; akaphonya, singano inkagunda mkuwa. Ine mayeso amenewa amandisangalatsa kwambiri, chifukwa panalibe kukangana ndi aphunzitsi: madzi ndiwo ankachonga.

Madokotala a masiku ano afufuza thupi la munthu ndi makina amphamvu, koma tinjira ta qi sanatipeze. Chomwe apeza n'chakuti singano ikalowa imadzutsa minyewa yotumiza uthenga ku ubongo, ndipo thupi limatha kutulutsa mankhwala akeake ochepetsa ululu otchedwa endorphin.

Mvetserani zomwe zinachitika ku Germany. Madokotala anasonkhanitsa anthu oposa 1,100 odwala msana kwa nthawi yaitali, n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba linabayidwa pamalo enieni a acupuncture. Lachiwiri linabayidwa pamwambamwamba, pamalo olakwika mwadala, odwalawo osadziwa. Lachitatu linalandira chithandizo cha nthawi zonse: mapiritsi ndi mafizo. Zotsatira zinatuluka mu 2007. Mwa anthu 100 alionse, amene anapezako bwino anali pafupifupi 48 m'gulu loyamba, 44 m'gulu lachiwiri, ndi 27 m'gulu lachitatu. Mwaona? Obayidwa anapeza bwino kuposa anzawo, koma kulasa malo enieni sikunasinthe zambiri. Mpaka lero akatswiri akukambirana kuti ndi gawo liti lomwe limachokera ku singano, ndi liti lomwe limachokera ku chikhulupiriro cha wodwala komanso chisamaliro chomwe amalandira. Choncho m'zipatala zambiri acupuncture amaigwiritsa ntchito pa ululu wa msana, wa mawondo ndi mutu waching'alang'ala, pambali pa chithandizo china. Malungo, TB kapena chibayo sizichizika ndi singano zimenezi.

Apa ndikuchenjezeni. Musayese kubayana ndi singano yosokera kapena minga. Wobaya amaphunzira kwa zaka, ndipo singano iliyonse imachoka m'pepala lomata, imagwira ntchito kamodzi, n'kutayidwa. Singano yobwereza imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo yolowa mozama pachifuwa itha kuboola mapapo.

Koma pali chinthu china cha m'mabuku akale a ku China chomwe ambiri a inu munamwapo kale. Mukukumbukira timapiritsi tachikasu ta malungo totchedwa LA, tomwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu?

M'zaka za m'ma 1960, pa nkhondo ya ku Vietnam, malungo ankagwetsa asilikali ambiri chifukwa mankhwala a malungo otchedwa chloroquine anali atayamba kulephera. Boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi yofuna mankhwala atsopano pa 23 Meyi 1967, ndipo mu 1969 mayi wina wasayansi, Tu Youyou, anapatsidwa gulu loti atsogolere. Iye ndi anzake anasonkhanitsa njira zakale zochizira zoposa 2,000, n'kumayesa zitsamba pa mbewa zodwala malungo. Chitsamba china chotchedwa qinghao chinkawazunguza mutu: lero chagwira ntchito, mawa ayi.

Mayi Tu anabwerera ku mabuku. M'buku la Ge Hong, sing'anga amene anakhalako zaka zoposa 1,600 zapitazo, anapeza kuti chitsambachi sankachiwiritsa. Ankachiviika m'madzi n'kufinya. Apa ndipo anatulukira kuti mwina moto ndiwo unkawononga mphamvu yake. Anasiya kuwiritsa, n'kuyamba kusungunula masambawo ndi mankhwala otchedwa ether, omwe amawira pa madigiri 35 okha. Mu Okutobala 1971, mankhwala a m'botolo la nambala 191 anapha tizilombo tonse ta malungo m'mbewa zija. Chaka chotsatira, asanapatse wodwala aliyense, mayi Tu ndi anzake awiri anayamba amwa okha mankhwalawo kuti aone ngati ali ndi vuto. Ine ndikafika pamenepa ndimawapatsa ulemu waukulu mayi amenewa.

Chomwe anachotsa m'masambamo chimatchedwa artemisinin, ndipo mu 2015 mayi Tu analandira mphoto ya Nobel. Dziwani kuti madzi ofinya masamba kunyumba salowa m'malo mwa piritsi, chifukwa mphamvu ya m'masamba imasiyanasiyana ndipo tizilombo tina timatsala. M'piritsi mlingo wake ndi woyezedwa, ndipo amaphatikizamo mankhwala achiwiri, lumefantrine, omalizitsa tizilombo totsalira. Dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito LA mu 2007, m'malo mwa Fansidar.

Tsiku lina mng'ono wanu akadzayezedwa magazi n'kupatsidwa LA, mudzapemphe amayi akuonetseni kapepala ka mapiritsiwo. Mudzawerenge tizilembo ting'onoting'ono tomwe tili pamenepo, mudzapeza mawu akuti artemether. Ameneyo ndi mwana wa artemisinin, wochokera m'masamba a qinghao.