Mizukwa ndi mbiri pa sukulu yakale ya ku Bras Basah

Pa msewu wa Bras Basah, mkati mwa mzinda wa Singapore, pali nyumba yakale imene denga lake la pakati ndi lozungulira ngati mphika wovundikira, ndipo mbali zake ziwiri n'zokhota ngati manja olandira mlendo. Kwa zaka 135 pamalopa panali sukulu ya anyamata ya St Joseph's Institution. Mu 1996 nyumbayi inasanduka Singapore Art Museum, malo oonetsera zojambula ndi zosema za akatswiri a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Za nyumbayi anthu amasimba nkhani za mitundu iwiri: za mizukwa, ndi mbiri yolembedwa. Zonsezi zimakumbutsa zakale, koma sizilemera mofanana.

Nkhani ya mzukwa sifuna mboni. Aliyense amene anagonapo m'hositelo pasukulu yakale amadziwa kayendedwe kake: wina anamva mapazi pakhonde pakati pa usiku, wina anaona chithunzithunzi pafupi ndi tchalitchi, ndipo amene anaonayo nthawi zonse amakhala mnzake wa mnzako. Nyumba ya ku Bras Basah ili ndi zonse zimene nkhani zotere zimakonda: makonde aatali, masitepe akale, ndi tchalitchi cha m'chipinda cham'mwamba. Komanso ku Singapore nkhani ya mizimu sakuiona ngati yamasewera. M'mwezi wachisanu ndi chiwiri wa kalendala ya Chitchaina anthu ambiri amawotcha mapepala ndi kusiya chakudya m'mbali mwa misewu, ndipo pa zoimbaimba za getai mipando yakutsogolo imasiyidwa yopanda anthu kuti pakhale mizimu.

Mbiri yolembedwa ndiyo imayenda ndi mayina ndi zaka. Sukuluyi inayamba mu 1852 kudzera mu khama la wansembe wa ku France, Bambo Jean-Marie Beurel, amene anaitanitsa abulazala a chipani cha De La Salle kuti adzaphunzitse. Mbali ziwiri zokhotazo ndi denga lozunguliralo zinawonjezedwa mu 1903, ndipo anazijambula ndi wansembe wina, Bambo Charles Nain. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nyumbayi inagwira ntchito ngati chipatala cha Red Cross. Singapore itagwa m'manja mwa asilikali a Japan pa 15 February 1942, sukuluyi anaisintha dzina mpaka nkhondo itatha mu 1945. Ana anasamuka mu 1987, ndipo mu 1992 boma linaika nyumbayi m'gulu la zipilala za dziko zoyenera kutetezedwa.

Nkhani ziwirizi zimakumana pa mfundo imodzi: zonse zimavomereza kuti nyumba imene inasunga anthu ambiri chonchi singakhale makoma chabe. Mwana amene analira tsiku loyamba kusukulu, wovulala amene anagona pansi m'kalasi mabomba akuphulika panja, onsewa anasiyapo kanthu. Wosimba za mzukwa amamva kulemera kumeneku m'thupi, tsitsi n'kuima. Wolemba mbiri amakufufuza m'mabuku.

Kusiyana kwake kuli pa zimene womvera amatsala nazo. Nkhani ya mzukwa imathamanga, imakoma pakamwa, ndipo imakopa wachinyamata amene sakanaponda pakhomo la nyumba ya zaluso. Koma imafufuta nkhope. Wakufayo sakhalanso ndi dzina, kwawo, kapena chimene chinamupha, amangosanduka choopsezera anthu. Mbiri imayenda pang'onopang'ono ndipo nthawi zina imauma ngati phunziro la mayeso, komabe imabwezera munthu ulemu wake. Imatiuza amene anamanga, amene anaphunzitsa, ndi chifukwa chake magazi anakhetsedwa pamalo ophunzirira ana.

Palinso kusiyana pa zochita. Palibe nyumba imene boma linaiteteza chifukwa cha mapazi omveka usiku. Chinapulumutsa nyumba ya St Joseph's, mumzinda umene wagwetsa nyumba zakale zambiri pofuna malo, ndi umboni wa zimene zinachitikiramo ndi kukongola kwa kamangidwe kake. Mu 2017 inatsekedwa kuti ikonzedwe, ndipo mu 2022 zionetsero za Singapore Art Museum zinayamba kuchitikira ku Tanjong Pagar Distripark, pafupi ndi doko.

Ine sindinyoza nkhani za mizukwa, pakuti zimasonyeza kuti anthu sanaiwale malo awo. Koma pa sikelo, mbiri ndiyo yolemera. Mukamva kuti m'nyumba yakutiyakuti muli mzukwa, mvetserani mpaka nkhani ithe, kenaka funsani kuti munkakhala ndani ndipo chinawachitikira n'chiyani. Safunsa anadya phula.