Paipi ikaphulika usiku, mutseka pati?

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka usiku. Mwadzidzimuka ndi phokoso la madzi kubafa, ndipo mwapeza kuti paipi yathyoka polumikizira, madzi akuyenderera kulowera kuchipinda kwa ana. Pulambala sangabwere mpaka kutacha. Kodi mukudziwa pamene mungatsekere madzi a nyumba yonse?

M'nyumba zambiri zakale, monga za aphunzitsi ndi anamwino pamishoni kapena za m'matauni a Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, potsekera pamakhala pamodzi pokha, pafupi ndi mita. Kawirikawiri valavu ya pamenepo imakhala itakwiririka ndi dothi kapena inauma kalekale. Zikatero mumangokulunga mphira pobowokapo, uku mita ikuwerenga. Paipi yochokera pa mita kulowa m'nyumba ndi yanu, ndipo madzi otayikira mbali imeneyo olipira ndinu. Mita ikawonjezera kiyubiki mita imodzi, apita malita 1,000, omwe ndi zigubu 50 za malita 20.

Vuto si bilu yokha. Madzi odikha pakhomo amaswetsa udzudzu. Komanso madzi akasiya kutuluka m'mipope, paipi yobowoka imene ili pansi imatha kuyamwa madzi akuda a m'dothi, ndipo akabweranso mumatunga omwewo. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Valavu yanuyanu imakuthandizani kutseka madzi msanga ndi kukonza pobowoka tsiku lomwelo.

Paipi yakale imafuna kudekha

Mapaipi otuwa akalewa ndi achitsulo chokutidwa ndi zinki. Zaka zikamapita zinki imatha, ndipo dzimbiri limadya paipi kuyambira m'kati. Kunja imaoneka yolimba, koma m'kati njira yachepa ndipo chitsulo chapyapyala. Pofooka kwambiri ndi pa mazinga, chifukwa powadula chitsulo china chinachotsedwa. Mukaipotokola mwamphamvu, imatha kuthyokera m'khoma, ntchito ya ola limodzi n'kusanduka yogumula nyumba.

Choncho inu kapena pulambala wanu musamale izi.

Sankhani malo oonekera, pamene paipi ikulowa m'nyumba koma isanagawikane kupita kukhitchini ndi kubafa. Mita musaikhudze, ndi ya Water Board. Ngati valavu ya pa mita siikutseka, adziwitseni eni ake adzakutsekereni.

Yezani paipi musanapite kukagula. M'nyumba zambiri imakhala ya hafu inchi (15 mm) kapena ya 20 mm. Valavu ya chogwirira chachitali, imene ogulitsa amaitcha ball valve, imatseka mukangoipinda kamodzi: chogwirira chikalunjika motsata paipi ndiye kuti yatseguka, chikapingasa yatseka. Ya kawilo kozungulitsa imakonda kuuma ikakhalitsa.

Paipi yomangidwa mbali zonse siimasuka pakati, chifukwa mukamamasula uku, uko ikumangika. Pezani yuniyoni ngati ilipo. Ngati palibe, paipi imadulidwa ndi sowo, zidutswa n'kumasulidwa polumikizira pake, kenako n'kuika valavu, tizidutswa tatsopano ta mazinga ndi yuniyoni. Gwiritsani ntchito masipanala awiri a mapaipi, imodzi yogwira paipi kuti isayende, inayo yomasulira. Pa mazinga kulungani tepi yoyera ya mapaipi motsata mmene valavu ikulowera. Mukaona kuti chitsulo chikunyenyeka, lekani. Paipi yotero ndi yofunika kuisintha, osati kuilumikiza.

Chenjerani ndi magetsi. M'nyumba zina zakale waya wa ethi anaumangirira ku paipi ya madzi. Mukaona waya pa paipi, kapena ngati mpope umagwira anthu shoko, itanani wodziwa zamagetsi musanadule chilichonse.

Ntchito ikatha

Tsegulani madzi pang'onopang'ono, ndipo asiyeni atuluke mpaka ofiira a dzimbiri atatha. Akumwa a tsiku limenelo muwawiritse kapena muthiremo WaterGuard. Pukutani polumikizira ponse, ndipo mawa lake mukaonenso ngati sipakudontha. Kenako tsekani mipope yonse n'kuyang'ana mita. Ikamayendabe, pali pena pamene pakutayika madzi.

Ngati nyumba ndi ya lendi kapena ya sukulu, kambiranani ndi eni ake musanayambe, ndipo muwaonetse mabilu a miyezi yapitayi. Valavu ikaikidwa, muziitseka ndi kuitsegula pakapita miyezi ingapo kuti isaume, ndipo muziitseka mukamapita ulendo wa masiku. Aonetseni onse a m'nyumba pamene ili, ngakhale ana okulirapo, chifukwa tsiku limene paipi idzaphulike mwina inu mudzakhala muli kumaliro kumudzi.